A Natayipi ndi Ng'ombe ya Kuchipatala

Dzina lawo lenileni lili pa chiphaso cha ukwati, ndipo ngakhale amuna awo akafuna kulikumbukira amayamba akanda kaye m'mutu. Tonse timangoti a Natayipi. Mukalowa m'shopu ya fotokope ija ili pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa mapaipi, mudutse makina a fotokope otentha ngati mbaula, mudutsenso shelefu ya maenvulopu, ndipo kukona kwenikweni, pansi pa zenera lomwe silinatsegukepo chimangireni nyumbayo, mupeza tebulo lathabwa lomwe mwendo wake umodzi unapondera pa katoni yopinda. Pamenepo ndiye pa ufumu wawo. Magalasi ali pansonga ya mphuno, msana uli chilili ngati anameza mpini wa tsache, zala zili m'malere ngati mphaka woti agwire khoswe.

Kutayipa anaphunzira akadali mtsikana, nthawi ya makina achitsulo aja olira ngati matalala padenga la malata. Mphunzitsi wawo anali mayi wouma mtima, woyenda ndi rula m'manja. Ukayang'ana zala, rula. Mzere ukapitirira belu la makinawo litalira kale, rula. Mutu wa kalata ukapanda kukhala pakati penipeni pa pepala, rula ya m'mbali. Ndiye kuti mawu afike pakatipo, unkamenya batani lalitali la m'munsi lija, la sipesi, mpaka mawuwo atasendera pomwe ukufuna. Kuti utsike m'munsi mwa pepala, unkakankha mkono wa makinawo mobwerezabwereza. Rula ija inalowa m'magazi. Mpaka lero chala chachikulu cha a Natayipi chimagogoda chokha pa benchi ulaliki uli m'kati.

Ntchito yoyamba anaipeza pa kampani ina yogulitsa matayala. Kumeneko kunali dalaivala wa lole yemwe ankabwera kudzatayipitsa kalata yopempha tchuthi, mawa lake n'kubweranso kuti wasintha maganizo, mkuja n'kubweranso kuti wasinthanso. Tchuthicho sanapite, koma mkazi anapeza. Ameneyo ndiye a Chilole, omwe pano anapuma ntchito chifukwa cha msana, ndipo amayendetsa mpando wa pakhonde basi.

Kampani ija itagwa, a Natayipi anapeza kona ija m'shopu. Tayipi yachitsulo inasanduka kompyuta, koma iwo sanaiuze kompyutayo kuti zinthu zasintha: ankaimenya chimodzimodzi, mpaka zilembo za pa mabatani zinafufutika zonse. Anatayipa makalata ofunsira ntchito, makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, mayeso a sukulu za mkaka, makalata ofunsira mbeta ndi makalata othetsa mabanja, nthawi zina a munthu mmodzi yemweyo. Zinsinsi za theka la tauni zinadutsa pansi pa zala zimenezo, koma pakamwa pawo m'potseka ngati botolo la mankhwala, zomwe enafe timaona kuti n'kuwononga mphatso.

Kenaka kunabwera mafoni. Aliyense anayamba kudzilembera yekha, molakwitsa koma mosangalala. Mpando wa makasitomala unayamba kugwira fumbi.

Mwini shopu ndi a Makiyi, bambo wamfupi woyenda ndi mulu wa makiyi m'chiuno, ena mwa iwo a zitseko zomwe zinathyoka kalekale. Munthu si woipa, koma akaona malo osabala thupi limamuyabwa. Tsiku lina anaima pambali pa tebulo lija, n'kumaliyeza ndi maso ngati telala woyeza mkwati.

"Mayi, tebulo ili likugona kwambiri masiku ano."

"Likupuma, bwana. Lagwira ntchito kuposa anthu ena oyenda ndi makiyi."

"Ndiye likapumire kwanu. A Injiniya panjapa dzuwa likuwawamba, mvula ikuwanyowetsa, koma anthu ali piringupiringu. Mwezi uno ukatha osaona anthu pakona pano, ndiwalowetsa iwowo."

A Injiniya amenewa ndi okonza mafoni pakhonde la shopu yomweyo, pansi pa ambulera yong'ambika. Sukulu ya uinjiniya anaionera pa zenera la basi, dzinalo anadzipatsa okha, ndipo pakamwa pawo sipafuna mabatire. Kuyambira tsiku limenelo moni wawo wa m'mawa unali umodzi: "Muzilipukuta bwino tebulo langalo, amayi."

A Natayipi anali atamva kale aphunzitsi ena akudandaula pa fotokope kuti notsi za pa foni zikuwathera maso. Ndiye nthawi ya nkhomaliro, anzawo akutafuna, iwo ankaonera timavidiyo pa kompyuta, n'kumaimitsa, n'kumabwereza, mpaka anagwira nkhani yake. Mabuku a pa foni alipo a mitundu iwiri. Pali pidiefu, yomwe ili ngati chithunzi cha tsamba, youma gwa; pa foni zilembo zake zimachepa ngati nyerere, munthu n'kumakoka ndi zala uku ndi uku ngati akusaka nsabwe mumsoko. Ndiye pali ipabu, yomwe mawu ake ali ngati madzi: ukawathira m'kapu amatenga kapu, ukawathira m'beseni amatenga beseni. Wa maso ofooka amakulitsa zilembo, mizere n'kudzikonza yokha. A Natayipi zonsezi anazimva ndi makutu onse awiri. Chala chachikulu chokha ndicho sichinamve.

Pakhomo pa shopu panaoneka pepala la zilembo zikuluzikulu: TIMAPANGA MABUKU A PA FONI. Opanga mabuku a pa foniwo, foni yawo inali kaja ka mabatani, kodziwa kuimba, kulira ndi kuunikira pansi pa bedi.

Woyamba kukodwa anali a Kilachi, mwini sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto, bambo wa mawu ngati hutala ya basi. Akayamikira chinthu, msewu wonse umamva. Akachinyoza, umamva ndi msewu wachiwiri womwe. Anabwera ndi kabuku kawo ka zikwangwani za pamsewu, kakuda bii ndi zala za ophunzira.

"Mayi, ana anga atopa ndi mafotokope. Ng'ombe ikumaoneka ngati mpando. Ndikufuna buku lolowa m'foni, la mitundu, loti ngakhale nkhalamba iwerenge. Pachikuto pakhale ineyo, nditatsamira galimoto."

A Natayipi anadziwa kuti tebulo lawo lapachikika pakamwa pa bambo ameneyu. Anaikapo luso lawo lonse. Zikwangwani anazindandalika ziwiriziwiri, china kumanzere china kumanja, ngati ana a sukulu pamzere. M'munsi mwake analemba matanthauzo onse awiri pa mzere umodzi: tanthauzo loyamba, kenaka sipesi, sipesi, sipesi, mpaka lachiwiri litafika pansi pa chithunzi chake. Kenaka enta, enta, enta, kutsikira pa ziwiri zotsatira. Atatembenuza fayiloyo kukhala ipabu, anaitsegula pa kompyuta, pa sikirini yawo yotakata ngati thireyi. Zonse zinali m'malo mwake. Mphunzitsi wa rula uja akanaona akanalira ndi chimwemwe.

A Kilachi atabwera anayang'ana chikuto chofiira, anadziona atatsamira galimoto, anapempha kuti mimba aichepetseko pang'ono, basi. Tsiku lomwelo bukulo linalowa pa gulupu ya ophunzira onse, ndi uthenga woti aphunzitsi aliunika okha tsamba ndi tsamba.

Mwa ophunzirawo munali mlamu wawo wa a Natayipi, mlongo wamng'ono wa a Chilole, mayi wogulitsa nsalu yemwe anagula kagalimoto asanadziwe kuti buleki ili mwendo uti. Kagalimotoko kanali pansi pa mtengo kwawo, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake. Lamulungu masana anatulukira kwa achimwene ake, foni m'manja, mapewa m'mwamba.

"Achimwene, mayeso ndi Lachisanu. Ndifunseni chilichonse. Buku la alamu angawa ndalimeza ndi chikuto chomwe."

A Chilole anakhala tsonga pa mpando wawo. Nkhani ya msewu imawachiritsa msana.

"Chabwino. Chikwangwani cha makona atatu, m'kati muli ng'ombe. Chikukuuza chiyani?"

"Chipatala chili patsogolo, osaliza hutala."

A Chilole anayang'ana mlongo wawo, n'kuyang'ana akazi awo.

"Chipatala cha ng'ombe?"

"Musandiseke, achimwene, n'zolembedwa. Inu munaphunzira kale, malamulo anasintha."

"Nanga galimoto yokhala ndi mizere yokhotakhota kumbuyo kwake?"

"Poimika galimoto."

"Eya, ukaterereka umaimadi, koma m'ngalande. Nanga sitima?"

"Ana a sukulu akuwoloka."

"Mayo ine, ana a eni ake!"

A Chilole anaseka mpaka msana unawakumbutsa kuti ulipo. A Natayipi sanaseke. Anaika kapu ya tiyi pansi pang'onopang'ono, n'kutambasula dzanja.

"Alamu, tabweretsani foniyo."

Anatsegula buku lija pa foni ya mlamuyo. Foni ndi yopapatiza, zithunzi ziwiri sizingakhale moyandikana. Ndiye cha kumanja chinkagwera pansi pa cha kumanzere. Chipatala chinali pamwamba chokhachokha, chopanda mawu. Pansi pake ng'ombe. Pansi pa ng'ombeyo, mwaulemu wake, tanthauzo la chipatala. Tanthauzo la ng'ombe linali litakankhidwira uko, ngati mwana wa masiye. Buku lonse linali choncho, chikwangwani chilichonse chitavala malaya a mnzake.

"Pepala ukalakwitsa umang'amba," anatero a Natayipi ndi mawu a munthu wolota. "Ichi ndiching'amba bwanji? Chili m'matumba mwa anthu."

"Ndiye ine ndaloweza bodza sabata yonse?" anakuwa mlamu uja. "Alamu, mumafuna ndikagunde ana a sukulu pa njanji?"

"Alamu anga, ndagwira mwendo wanu. Pakamwa potseka mpaka ndikonze. A Kilachi akamvera kwina, ine tebulo lapita."

Mlamu analumbira kuti satsegula pakamwa. Koma lumbiro la mlamu wawo ankalidziwa: lili ngati ayisi pa dzuwa, uyenera kuthamanga nalo.

Lolemba a Natayipi anafika pa shopu a Makiyi asanapeze kiyi woyenera. Pa kompyuta pali kabatani koonetsa zobisika, komwe timavidiyo tija tinkakatchula koma iwo ankakadumpha. Atakadina, tsamba lawo loyera lija linadzaza timadontho ndi timbendera, sipesi iliyonse ndi enta iliyonse yomwe anamenya, mbuu ngati nthata m'khola la nkhuku. Anazifufuta zonse. Chikwangwani chilichonse anachiika pachokha, tanthauzo lake n'kulimangirira kunsi kwake, kuti kumene chingagwere agwere limodzi. Chala chachikulu chinkangofuna kubwerera ku sipesi, mpaka anachikhalira.

Koma tsopano anali atachenjera. Sikirini ya thireyi inawanamiza kamodzi, sakanaikhulupiriranso. Ankafunika mafoni, ambiri, osiyanasiyana. Ndipo mumsewu wonsewo katoni yodzaza mafoni inali ndi munthu mmodzi yekha.

Anatuluka pakhonde ngati munthu wopita kukazulitsa dzino.

"A Injiniya, mwadzuka bwanji?"

"Ii! Lero kugwa matalala. Amayi andipatsa moni? Mwabwera kudzapereka tebulo mwaulemu?"

"Ndabwera kudzabwereka mitembo yanu ili m'katoniyo."

"Si mitembo, amayi, ndi odwala. Abale awo anawathawa m'chipatala. Mukufuna muwatani?"

Panalibe kuchitira mwina. Anawaonetsa buku lakale lija pa foni ya a Injiniya eniake. Bamboyo ataona ng'ombe, anaseka mpaka sikuludilaiva inagwera m'ngalande. Atapukuta misozi, maso ake anawala ngati a fisi woona mbuzi yomangirira.

"Nkhani iyi a Makiyi aikonda."

"Aikondadi. Mukawauza, mwezi ukatha tebulo ndi lanu. Koma tayang'anani kumwambako."

A Injiniya anayang'ana. Mitambo inali itaunjikana bii, ndipo ambulera yawo inali ndi mazenera ambiri kuposa shopu.

"Mwezi uli kutali, mvula ili pano," anatero a Natayipi. "Kumapeto kwa tebulo, cha ku soketi, kuli malo. Mulowe lero lomwe. Mubwere ndi odwala anuwo, pakamwa musiye panja."

A Injiniya anaganiza pang'ono. Dontho loyamba linawagwera pa dazi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ananyamula katoni.

Masana amenewo tebulo la a Natayipi linaoneka ngati benchi ya tomato. Panali kafoni kakang'ono ngati sopo wotha, ina yaitali ngati sikono, ina yosweka galasi ngati ukonde wa kangaude, ina yomwe imayaka pokhapokha ili pa chaja ndipo wina akuigwira pakhosi. M'iliyonse analowetsamo buku latsopano. A Natayipi ankatsegula tsamba ndi tsamba, chikwangwani ndi chikwangwani. Ankaigoneka foni cham'mbali, n'kuidzutsa. Ankakulitsa zilembo mpaka liwu limodzi lidzaze sikirini, monga amachitira anthu okana kuvala magalasi, n'kuzichepetsanso. Ng'ombe inakhala ndi mawu ake. Sitima inasiya ana a sukulu.

"Iyi bwanji yada chonchi?" anafunsa atafika pa foni ina ya sikirini yakuda, zilembo zoyera.

"Achinyamata amakonda choncho. Amati zimasunga batire."

"Nanga mivi yanga ili kuti?"

Mivi yonse yakuda, yokhotera kumanja, yokhotera kumanzere, yozungulira, inali itamira mu mdimawo. Kunangotsala mawu oti khotera uku, osaoneka kuti kuti. A Natayipi anagwira kumutu, kenaka anabwerera pa kompyuta n'kuyala kansalu koyera kumbuyo kwa chikwangwani chilichonse. Atayesanso, mivi inatuluka.

A Makiyi anadutsa, makiyi ali ngwelengwele, n'kuima.

"Kodi awiri inu mwakwatirana liti?"

"Tikuyesa katundu, bwana," anatero a Injiniya, nkhope ili ngati ya m'kwaya. Za ng'ombe ija bamboyo sanaulule. Kunja mvula inali ikukhuthuka pomwe panali mpando wake.

Mawa lake a Natayipi anaitana mlamu kuti akhale woyamba kulandira buku lokonzedwa. Analitumiza, mlamu n'kutsegula.

"Alamu, ng'ombe ija ikadali kuchipatala. Kaya siinachire?"

A Natayipi anatenga foniyo, n'kuona buku lakale lomwe lija. Anatumizanso, chimodzimodzi. A Injiniya anasuzumira, waya ali kukamwa.

"Dzina la bukuli mwalisiya lomwelo? Ndiye foni ikuti buku ili ndili nalo kale, n'kukutsegulirani lakale lomwelo. Foni ndi yaulesi ngati mlonda. Lakalelo lichotsedwe, latsopano likhale ndi dzina lina."

Anasintha dzina. Anasinthanso chikuto, chofiira chija n'kukhala chobiriwira, kuti munthu azidziwira patali kuti uyu ali ndi buku liti. Atafufuta lakale m'foni ya mlamu, zonse zinayera. Koma apa panatulukira nkhani ina: kutumiza kokha sikukanakwana. Lakale lija linayenera kuzulidwa m'foni iliyonse, ndi dzanja. Ndipo njira yofikira mafoniwo inali yodzera mwa a Kilachi.

Anawapeza kuofesi kwawo, kachipinda kodzaza matayala akutha ndi fungo la petulo. A Natayipi sanazungulire. Anaika foni patebulo, n'kutsegula buku lofiira. A Kilachi anayang'ana ng'ombe, anayang'ana sitima, khosi linayamba kufufuma. Anakoka mpweya woti msewu wachiwiri umve.

"Mayi inu! Mukudziwa kuti ine ndi ndani?"

"Ndikudziwa, bwana. Muli pachikutopo. Ndiponso ana anu onse akudziwa kuti munaliunika nokha tsamba ndi tsamba."

Mpweya uja unatuluka pang'onopang'ono ngati tayala loponda msomali. A Kilachi anadzuka, anatseka chitseko, n'kubwerera ndi mawu aang'ono omwe palibe ankadziwa kuti ali nawo.

"Ndiye titani, mayi?"

"Lokonzedwa lilipo, ndaliyesa m'mafoni a mitundu yonse. Inu mungowauza kuti abwere ndi mafoni awo. Zotsalazo ndi zanga."

Madzulo asanafike, pa gulupu panagwa uthenga woti aphunzitsi, chifukwa chokonda ana awo, atulutsa buku lachiwiri, lowonjezera nzeru, ndipo loyamba lija aliyense aliiwale ngati maloto. M'kalasi a Kilachi anabwereza zikwangwani zonse kuyambira pachiyambi, akukalipira ophunzira kuti amaloweza ngati zinkhwe osagwiritsa ntchito mutu. Munthu wa nzeru zake angavomere bwanji kuti ng'ombe ndi chipatala?

A Natayipi anakhazika mpando pa geti la sukuluyo ngati wapolisi wa pamsewu. Aliyense wolowa, "Ndione chikuto." Chikakhala chofiira, ankachizula pomwepo n'kubzala chobiriwira. Atsikana ankaseka, anyamata ankabisa zithunzi zawo ndi chikhato, mayi wina anapempha kuti amuchotserenso mauthenga a apongozi ake. Onse anadutsa m'manja mwawo kupatula mmodzi: bambo wina wogulitsa matabwa, wa ndevu zometa bwino ndi mafuta onunkhira kuyambira pa geti mpaka pa msewu.

"Bambo, ndione foni."

"Foni yanga sagwira munthu wamkazi."

"Ndingochotsamo buku lakale."

"Ngakhale akazi anga saigwira. Makamaka akazi anga."

"Ndiye chotsani nokha, ine ndiyang'ane kumbali."

"Mayi, m'foni muno muli zinthu zoti ndikadina polakwika, mudzi ungapse. Musandiyambe."

Anadutsa, fungo lake n'kutsalira. A Natayipi anamutsatira ndi maso. Munthu mmodzi ameneyo, akakayankha kwa oyesa mayeso kuti ng'ombe ndi chipatala, n'kuonetsa buku lomwe linamuphunzitsa, a Kilachi sakanakhalanso ndi chobisa. Akanakuwa kuti adziyeretse, ndipo dzina lotuluka pakamwa pawo likanakhala limodzi.

Lachisanu a Natayipi anakhala pa tebulo lawo ngati wodikira kunja kwa chipinda cha opaleshoni. Anayamba kutayipa pulogalamu ya maliro a munthu wina, n'kulemba dzina la m'busa pamalo pa malemu. A Injiniya, omwe anali atayala kale zida zawo cha ku soketi, ankawotcherera waya uku akuimba nyimbo ya maliro chapansipansi, dala. A Makiyi ankangozungulira pafupi ndi shelefu ya maenvulopu, poti mwezi unali utatsamira kumapeto.

Dzuwa litapendeka, chitseko chinatseguka ndi mphamvu. Anali mlamu, duku lili pambali, maso ofiira.

"Alamu! Ndalephera!"

A Makiyi anasendera pafupi, makutu ali tcheru. A Natayipi anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Chikwangwani chiti?" anafunsa ndi mawu otsalira.

"Chikwangwani chanji? Zikwangwani ndakhoza zonse, mpaka bambo woyesayo anandifunsa kuti ndinaphunzira kuti. Ndi mgolo! Pobwerera m'mbuyo anaika migolo, ndiye wina unadzandilowera kumbuyo. Unagubuduka mpaka pa mpanda, bambo woyesayo anachita kudumpha!"

"Mgolo," anatero a Natayipi. "Mwagunda mgolo."

"Ndiye mukumwetulira chiyani? Mlamu wanu walephera, inu mano pamtunda?"

"Sindikumwetulira, alamu anga, ndi chisoni chimenechi, chimanditulukira choncho. Bwerani kuno, pepani, pepani zedi." Anamukumbatira mwamphamvu kuti nkhope yawo ibisike pa phewa lake, mapewa awo akugwedezeka. Mlamu anaganiza kuti akulira naye, ndipo anakhululuka.

Asanamasulane, msewu unamva hutala ya munthu. A Kilachi analowa chifuwa chili patsogolo, kumbuyo kwawo kuli mayi wina wamtali wonyamula chikwama cha mapepala.

"Ali kuti mayi wanga wa mabuku? Pa zikwangwani palibe mwana wanga wagwa! Ngakhale mmodzi! Awa a migolo ndi nkhani ina, miyendo sitingawaikire m'foni."

"Nanga bambo wa matabwa uja?" anafunsa a Natayipi chapansipansi.

"Ameneyo? Wakhoza zonse. Ndamufunsa kuti buku lakuthandiza? Akuti buku lake liti? Sanalitsegulepo n'kamodzi komwe. Munthu wakhala akuyendetsa lole ya matabwa chiyambire ndevu, amangosowa pepala basi."

A Natayipi anakhala pansi.

"Awa ndi achemwali anga," anapitiriza a Kilachi, akukankhira kutsogolo mayi wamtali uja. "Ali ndi sukulu ya zosoka. Akufuna buku ngati langa, la madiresi ndi makolala. Ndawauza kuti ine buku ndimaliunika ndekha tsamba ndi tsamba, koma wotayipa wake ndi uyu, palibenso wina. Akubweranso mnzanga wa sukulu ya zamagetsi."

Mayi uja anayamba kutulutsa mapepala, zithunzi za manja a malaya zili ziwiriziwiri, china kumanzere china kumanja. A Natayipi ndi a Injiniya anayang'anizana.

A Makiyi anayang'ana anthu odzaza kona ija, anayang'ana tebulo limodzi lonyamula mabizinesi awiri, n'kuliza makiyi awo mokhutira ngati nzeruyo inali yawo.

"Ndimanena ine kuti tebulo ili ndi lalikulu. Likhale momwe lililimu. Koma wina agule mpando wachiwiri wa makasitomala, anthu asamatsamire fotokope yanga."

Anthu atabalalika, a Natayipi anavula nsapato kunsi kwa tebulo, anatambasula zala za kumapazi pa simenti yozizira, n'kupuma mpweya wautali womwe anali atausunga chiyambire Lamulungu. Kenaka anakweza magalasi, n'kuyang'ana mnansi wawo watsopano kuyambira ku dazi mpaka ku chigongono.

"A Injiniya."

"Amayi."

"Chigongono chanucho chalowa m'dziko la eni ake. Chibwezeni."